M'mera Mpoyamba: Mbiri ya Akatswiri a pa Kanema Amene Analeredwa pa Nsanja

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 1999, dziko la Malawi linaika m'manda Du Chisiza Jr, mlembi ndi katswiri wa zisudzo amene anamwalira ali ndi zaka 35 zokha. Patangopita milungu yowerengeka, pa 1 Epulo, wailesi ya kanema yoyamba m'dziko muno, Television Malawi, inayamba kuulutsa zithunzi. Munthu amene anadzaza maholo a m'mizinda yathu kwa zaka zoposa khumi anatisiya kanema ali pakhomo, asanalowe m'nyumba. Zinthu ziwirizi zinachitika motsatizana mwangozi chabe, komabe zimatithandiza kugawa mbiri ya zisudzo zathu pawiri: nyengo imene woonera ankayenda ulendo kukafuna sewero, ndi nyengo imene sewero linayamba kumupeza woonera ali khale pa mpando wa kunyumba kwake.

Achinyamata a lero akaona nkhope ya katswiri pa kanema kapena pa foni ya m'manja, amayesa kuti luso lakelo linabadwa ndi kamera. Sichoncho ayi. Ambiri mwa amene anatsegula njira ya mafilimu kuno kwathu, ngakhalenso m'maiko ena a mu Africa, anaphunzira ntchito yawo pa nsanja ya matabwa, m'maholo a sukulu ndi pa mabwalo a fumbi, pamaso pa anthu amene sankachedwa kuwombera m'manja akakondwa, ndiponso sankachita manyazi kutuluka akatopa. Nkhani ino ikulondola phazi la anthu amenewa, kuti tione kumene anachokera ndi chimene anatenga pochoka kumeneko.

Dziko lopanda kanema

Kanema sanali mlendo weniweni m'dziko muno. M'nthawi ya atsamunda, bungwe la Central African Film Unit, limene linakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, linkajambula mafilimu oonetsa anthu a ku Nyasaland ndi a maiko awiri a Rhodesia. Magalimoto ankayenda nawo m'midzi, n'kupachika chinsalu pabwalo dzuwa likalowa. Koma mafilimu amenewa anali olangiza: kalimidwe, ukhondo, kusunga ndalama ndi kumvera boma. Munthu wakuda ankaonekamo ngati chitsanzo cha phunziro la mwini kamera. Sanali mwini nkhani.

Titalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ena mwa maiko a kufupi nafe anali ndi wailesi za kanema, koma ife tinakhala zaka 35 tilibe yathu. Kusowa kumeneku kunali ndi zotsatira zake. Aliyense wobadwa ndi mphatso yotengera khalidwe la munthu wina, mphatso imene agogo athu ankaionetsa pokamba nthano madzulo, posinthasintha mawu kuti kalulu amveke mosiyana ndi fisi, anali ndi makomo awiri okha olowera: wailesi ya MBC ndi nsanja.

Pa wailesi panali masewero monga Kapalepale, amene dzina la a Smart Likhaya Mbewe silisiyana nawo, komanso Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Mabanja ankasonkhana mozungulira wailesi imodzi, ndipo oyandikana nawo nyumba ankabwera ndi mipando yawo. Wailesi inaphunzitsa ochita zisudzo chinthu chimodzi chachikulu, chakuti mawu paokha angathe kunyamula munthu yense: msinkhu wake, mkwiyo wake, ngakhale mabodza ake. Koma thupi, nkhope ndi kayendedwe zinkadikira nsanja.

Nazale ya m'masukulu

Nazale yoyamba ya akatswiri athu inali sukulu za sekondale. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lotchedwa ATEM linayamba kukonza mpikisano wa zisudzo pakati pa masukulu. Cholinga chake poyamba chinali chakuti ana azolowere kulankhula Chingerezi, koma chimene chinatuluka m'menemo chinaposa cholingacho. Ana anayamba kulemba okha masewero, kusoka zovala, kupenta zinsalu zakumbuyo ndi kukangana za mmene munthu wolira amaimira. Sukulu ikapambana m'chigawo, inkapita ku mpikisano wa dziko lonse, ndipo ulemu wake unkafanana ndi wa chikho cha mpira.

Ife amene takhala tikuphunzitsa ana zisudzo m'masukulu tikudziwa phunziro loyamba la mwana aliyense wokwera pa nsanja. M'holo mulibe zokuzira mawu, denga ndi la malata, ndipo pa benchi yomalizira pali anyamata aphokoso amene sanadze kudzamvera. Ndikukumbuka mwana wina wa Fomu 2, wanzeru ndi wokumbukira mawu ake onse, koma wolankhulira pakhosi. Ndinamuimika pa golo imodzi ya bwalo la mpira, ine n'kukaima pa golo inayo, ndipo kwa milungu itatu ankanena mawu ake mpaka ndiwamve onse popanda iye kukuwa. Tsiku limene anatha kutero, anali atadziwa kupuma ndi mimba, kutsegula pakamwa ndi kulemekeza chilembo chomalizira cha liwu lililonse. Zimenezi siziphunzitsidwa ndi kamera.

Nazale yachiwiri inali ku Chancellor College, kumene gulu la Travelling Theatre linkayenda ndi masewero m'masukulu ndi m'matauni kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Aphunzitsi monga James Gibbs, David Kerr ndi Chris Kamlongera analimbikitsa ophunzira kulemba masewero a kuno kwathu, ndipo m'zaka za m'ma 1980 gululi linafika m'midzi ndi masewero a m'Chichewa, okamba za umoyo ndi chitukuko, mmene anthu a m'mudzimo ankaloledwa kuyankha ndi kulowerera. Pa nthawi yomweyo alembi monga Steve Chimombo ankatunga nkhani m'chitsime cha makolo: sewero lake la The Rainmaker lagona pa mbiri ya M'bona, wolosera mvula wa ku Khulubvi.

Panalinso mphunzitsi wachitatu, wankhanza, amene palibe anamuitana. Lamulo la mu 1968 linapereka mphamvu ku bungwe la Censorship Board yoona sewero lililonse lisanaonetsedwe kwa anthu. Mawu olembedwa ankatha kufufutidwa, ndipo sewero lonse linkatha kuletsedwa. Koma cholembera cha woyang'anira sichikanatha kufufuta kaimidwe ka munthu, kutsokomola kwa pa nthawi yake, kapena kachetechete amene amagwa pambuyo pa funso. Ochita zisudzo a nthawi imeneyo anaphunzira kunena ndi thupi zimene pakamwa pankaopa, ndipo oonera anaphunzira kumva zimene sizinanenedwe. Mwambi ndi fanizo, zida zakale za pabwalo la milandu, zinapeza ntchito yatsopano pa nsanja.

Kwathu ndi Wakhumbata

Mu mzinda wa Blantyre munaphuka magulu awiri amene mayina awo sadzachoka m'mbiri imeneyi. Loyamba ndi Kwathu Drama Group, limene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo linasankha kuchita masewero ake m'Chichewa. Pa nthawi imene ena ankayesa kuti sewero lolemekezeka ndi la m'Chingerezi lokha, Kwathu inaonetsa kuti chilankhulo cha pamsika, cha pamaliro ndi cha m'basi chili ndi mphamvu yodzaza holo. Nkhani zake zinali za m'banja: chuma cha masiye, mitala, apongozi, ulova ndi chinyengo cha m'tauni. M'gulu limeneli ndi mmene munakhwimira John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa ndi mayina a Izeki ndi Jakobo.

Lachiwiri ndi Wakhumbata Ensemble Theatre, limene Du Chisiza Jr analikhazikitsa mu 1987 atabwerako ku maphunziro ku America. Iye anali mwana wa Dunduzu Chisiza, mmodzi wa omenyera ufulu wa dziko lino, amene anafa mu 1962 mwanayu asanabadwe. Luso lake linayamba kuonekera pa mpikisano wa ATEM ali pa sukulu ya HHI, ndi sewero la The Deceased's Attack. Chachilendo chimene anabweretsa chinali chakuti zisudzo zikhale ntchito yodyera, yokhala ndi nthawi yoyeserera, malamulo ake ndi malipiro. Masewero ake, monga Fragments, Papa's Empire ndi Educating Mwalimu, ankakhudza mabala a dziko pa nthawi imene kutero kunkafuna mtima wolimba. Pambuyo pake analowa ndale, nakhala nduna yoona za achinyamata, masewero ndi chikhalidwe chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi, chinthu chimene ena mwa omutsatira anachiona ngati kubwerera m'mbuyo. Mbiri yoona iyenera kusunga zonse ziwiri, kulimba mtima kwake ndi mafunso amene anasiya.

Atamwalira iye, Gertrude Kamkwatira anatsogolera Wakhumbata, kenaka anayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre. Anali mlembi, wotsogolera ndi wochita sewero pa nthawi imene amayi ochita zisudzo ankanenedwa zambiri zonyoza. Naye anamwalira akadali ndi mphamvu zake, mu 2006, koma anali atatsegulira atsikana ambiri khomo.

Malo amene magulu onsewa ankakumanirana ndi anthu awo anali French Cultural Centre ku Blantyre, kumene Lamulungu masana mabanja ankadzaza mipando ya bwalo lapanja. Kuchoka apo gulu linkakwera galimoto ndi katundu wake kupita ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi m'maholo a maboma. Sewero limodzi likachitidwa makumi angapo pamaso pa anthu osiyanasiyana, wochita wake ankadziwa pamene anthu amaseka, pamene amausa moyo, ndi utali wa nthawi yodikira kuti phokoso lithe asanapitirize.

Kamera itafika

Television Malawi itatsegulidwa, panafunika nkhope zodzaza nthawi ya pa kanema, ndipo nkhope zokonzeka zinali za anthu a pa nsanja ndi a pa wailesi. Izeki ndi Jakobo, amene kale ankaonedwa ndi okhawo ofika ku holo, anayamba kulowa m'nyumba za anthu kudzera pa kanema ndi pa matepi. Sewero la Tikuferanji, mmene Michael Usi anatchuka ndi dzina la Manganya, linanyamula nkhani ya Edzi ndi makhalidwe a anthu pa wailesi ndi pa kanema pomwe. Nthawi yomweyo mafilimu a ku Nigeria anasefukira m'nyumba zoonetsera mavidiyo m'misika yathu, ndipo Amalawi anayamba kudzifunsa chifukwa chimene nkhani zawo sizikanaonekera chimodzimodzi.

Kusamukako sikunali kophweka, pakuti nsanja ndi kamera zimafuna zinthu zosiyana. Pa nsanja munthu amasewerera woonera wa kumbuyo kwenikweni, choncho mawu amakwera, manja amatambasuka, nkhope imakokomeza. Kamera imaima pafupi ngati mnzako wokhala naye pa mphasa imodzi. Imaona kugwedera kwa chikope, ndipo chimene chinali choona m'holo chimaoneka chabodza pa galasi. Pa nsanja nkhani imayenda kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto usiku umodzi, ndipo mtima wa wochita umakwera nayo pang'onopang'ono. Pojambula filimu, maliro angathe kujambulidwa Lolemba, ukwati wa womwalirayo n'kujambulidwa Lachisanu, malinga ndi malo ndi kuwala kwa dzuwa. Kachigawo ka mphindi imodzi kamabwerezedwa kasanu kapena kakhumi, ndipo misozi iyenera kubwera nthawi zonsezo. Choposa zonse, palibe oonera. Munthu wozolowera kumva holo ikupuma naye amapezeka akuseketsa chitsulo chosaseka. N'chifukwa chake mafilimu athu oyambirira ankadzudzulidwa kuti ndi masewero a pa nsanja ongoikidwa kutsogolo kwa kamera, ndipo chidzudzulocho chinali ndi choona chake.

Komabe amene anaphunzira kuchepetsa anapeza kuti nsanja inawapatsa chuma chimene ena alibe: kusunga mawu ambiri pamtima, kusunga nthawi, kumvetsera mnzako pamene akulankhula, ndi kudziwa kuti munthu amene ukumuyerekezayo ali ndi mbiri imene inayamba nkhani isanayambe. Kuchepetsa mawu n'kosavuta kwa amene ali nawo. Wopanda mawu alibe chochepetsa.

Zipatso zinayamba kuoneka. Filimu ya Shemu Joyah yotchedwa Seasons of a Life inatengera dzina la Malawi kunja, ndipo mu 2010 Tapiwa Gwaza analandira mphoto ya Africa Movie Academy Awards chifukwa cha mbali imene anachita m'menemo. Flora Suya, amene anasewera m'filimuyi, anaonekanso mu The Last Fishing Boat ya mu 2012, nkhani ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja amene moyo wake ukusokonezedwa ndi kuchepa kwa nsomba ndi kubwera kwa alendo odzaona malo. Chitsanzo choonekeratu cha ulendo wochokera pa nsanja ndi Joyce Mhango Chavula. Iye anayambira m'zisudzo za kusukulu, anadutsa m'magulu a zisudzo, nayambitsa gulu lake la Rising Choreos, kenaka n'kutembenukira ku mafilimu monga wochita ndi wotsogolera. Mu 2016 filimu yake ya Lilongwe inapambana pa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice Awards monga filimu yoposa zonse ya kummwera kwa Africa. Patapita zaka ziwiri, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inatenganso mphoto yomweyo.

Anzathu a kutsidya

Njira imeneyi sitinaiyende tokha. Ku South Africa, John Kani analowa gulu la Serpent Players ku Port Elizabeth mu 1965. Pamodzi ndi Winston Ntshona ndi Athol Fugard anapanga Sizwe Banzi Is Dead mu 1972, sewero la munthu amene akutenga chitupa cha wakufa kuti apeze ntchito, nkhani imene makolo athu opita ku migodi ya ku Joni akanaimva popanda womasulira. Mu 1975 Kani ndi Ntshona analandira mphoto ya Tony ku New York, ndipo chaka chotsatira anamangidwa ku Transkei chifukwa cha sewero lomwelo. Ana amene anamuona Kani ali mfumu T'Chaka mu Black Panther mu 2018 ankaona munthu amene anali atatha zaka zoposa 50 pa nsanja. Chilankhulo cha Chixhosa chimene chimamveka m'filimuyo chinalowamo kudzera mwa iye. Chimodzimodzinso Leleti Khumalo anayamba ndi kuvina ndi kuimba Sarafina! pa nsanja mu 1987, asanaichite pa kanema mu 1992.

Ku Nigeria, Hubert Ogunde anayenda ndi gulu lake la zisudzo za Chiyoruba m'matauni kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ndipo atakalamba anasandutsa ena mwa masewero akewo kukhala mafilimu. Magulu oyendayenda amenewa ndi umodzi mwa mizu ya chimene lero chikutchedwa Nollywood.

Mmodzi mwa akatswiri otere anafika mpaka pa nthaka yathu. Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, anakulira mu National Youth Theatre, anaonekera mu filimu ya Amistad mu 1997, koma sanaisiye nsanja: mu 2008 analandira mphoto ya Olivier chifukwa chosewera Othello. Iyeyu ndi amene anatsogolera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anaijambulira konkuno, ndipo mbali yaikulu ya zolankhula zake ndi ya m'Chichewa. Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa cha alendowo chinkamveka chopotoka, ndipo makutu athu sananame. Koma dandaulo limenelo lili ndi funso lobwerera kwa ife eni: kodi tikulera akatswiri okwanira, odziwa chilankhulo chathu mpaka m'mitsempha yake, oti nkhani zathu zikafuna kujambulidwa apezeke ali chire?

Chimene tiyenera kusunga

John Nyanga anamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Zimene anajambulidwa tikuzionabe, ndipo adzukulu athu adzaseka nazo. Apa kamera yatichitira chifundo chimene nsanja sikanatha, pakuti sewero la pa nsanja limafa usiku womwewo, n'kutsala m'mitima ya amene analipo okha. Masewero ambiri a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 alipo lero m'makumbukiro a anthu amene tsitsi lawo layamba kuyera, m'mapepala otayipidwa amene ali m'masutikesi, ndi m'matepi amene chinyezi chikuwadya. Aliyense amene akusunga zoterezi akusunga mbiri ya dziko, ndipo ndi bwino kuti zikopedwe ndi kuperekedwa kumalo osungira zakale nthawi isanathe. Amene anasewera nawo m'magulu aja akadali pakati pathu. Afunsidwe, ndipo mayankho awo alembedwe.

Chachiwiri ndi nazale ija. Lero mwana aliyense wokhala ndi foni angathe kudzijambula m'mawa n'kutchuka madzulo, ndipo ena mwa iwo ali ndi mphatso yeniyeni. Koma kutchuka kwa mphindi ziwiri sikuphunzitsa kunyamula nkhani ya maola awiri. Ngati makalabu a zisudzo afa m'masukulu, ngati maholo a m'maboma asanduka mosungira katundu, ngati makolo apitiriza kuona zisudzo ngati zotayitsa mwana nthawi, ndiye kuti tidzakhala ndi makamera abwino koma osowa woima patsogolo pake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mphunzitsi wamkulu amene wapereka holo Lachitatu masana, mfumu imene yalola achinyamata kuyeserera sewero pabwalo, kholo limene lalipira pakhomo kukaonera mwana wake, onsewa akuthirira mbewu imene dziko lidzakolola pa kanema zaka khumi zikudzazo.

Tikadzaonanso Mmalawi akulandira mphoto ya filimu ku Lagos kapena kwina kulikonse, tidzafunse kumene anayambira. Kawirikawiri yankho lidzatibwezera ku holo ya malata, ku chinsalu chopentedwa ndi manja, ndi kwa mwana wonjenjemera amene ankayesetsa kuti mawu ake akafike pa benchi yomalizira.